Mukapise Dzanja M'munda wa Amayi

Ngabu, Chikwawa

Okondedwa achemwali a Elube,

Ndine Jeremiya, mlongo wanu. Zaka akuti zapitirira makumi asanu ndi awiri, ine sindiwerenga. Akundilembera ndi mayi Jacinta a kutchalitchi kwathu, ndiye ndilankhula pang'onopang'ono. Kodi muli bwanji ku Mitunduko? Mwendo uja ukutupabe? Kuno kukutentha, koma ndilipo.

Ntchito yoweta ng'ombe ija yatha, achemwali. Ndifotokoze mmene zinayendera. Kunabwera anthu oyeza nthaka, atanyamula chitsulo chobowolera pansi, ndipo ine ndinkawalondolera kumene ng'ombe zimadya. Pena anakumba dzenje n'kundiitana kuti ndisuzumire. Dothi lakuda linali pamwamba pokha, zala zitatu sizikwana, pansi pake miyala yokhayokha. Ndinafunsa ngati lingabwerere titachotsapo ng'ombe. Mayi wina mwa iwo anandiyankha mwaulemu kuti dothi limabadwa mwala ukamafumbutuka ndi udzu ukamawola, ndipo kuti lokwana chala chimodzi lipangike, ine ndi ana ndi adzukulu tidzakhala titapita kalekale.

Kenako anabweretsa mapu. Paliponse pamene ziboda zinaponda mpaka udzu kuleka kumera anapakapo utoto wofiira. Pofiirapo panachuluka. Abwana ataona, ng'ombe zina anagulitsa, zotsala anapititsa kwina. Ine sanandikalipire ayi, anangoti ndikapume. Nanga munthu wa msinkhu wanga akapumira kuti?

Ndiye mtima uli kumudzi, kumunda wa amayi umene munandisungira, uja wa kumunsi kwa njira ya ng'ombe yopita kudambo. George mwana wanga atandiimbira kuchokera ku Nathenje anati njira ija tsopano ndi chigwembe, ngolo siwoloka. Nditafunsa za munda anangoti tidzakambirana, n'kudula foni. Mwana ameneyu akamatero ndiye kuti pali chimene akubisa.

Pempho langa ndi limodzi. Oyeza aja sindingawaitane, ngakhale kumene amachokera sindikudziwa. Mutume Chithokozo wanuyo atenge khasu akakumbe pakati pa munda, osati pachulu, poti pachulu pamanamiza. Inu nomwe mukapisemo dzanja. Mundiuze pamene dothi lakuda lalekezera, kaya m'chigongono, kaya m'chikhatho, kaya m'zala. Likafika m'chigongono ndibwera mvula isanagwe, ndidzalima ngakhale chokhala pansi. Likakhala la m'zala, apo sindidziwa. Nyumba ndikugonayi ndi ya abwana, andilola mpaka mwezi wamawa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Tiyamike ndi ana ake, ndi kwa mbumba yonse.

Mundiyankhe msanga, ndipo musandikometsere nkhani. Mukandinamiza chifukwa chondimvera chisoni, ndidzafika ndi katundu pamutu n'kupeza miyala.

Ndatha ine mlongo wanu,
Jeremiya