Andivula jekete pakhomo panga

Lachisanu, mwezi wa Julayi. Lelo mtima wawawa. Akundilembela ndi mwana wanga Misozi, poti ine sukulu sindinapite nayo patali.

Kunabwela anthu a ku koleji ya zojambula, amene asankha Misozi kuti akaphunzile kwaulele pa holide. Ndinawalandila nditavala jekete ya kutchalitchi, pakhonde la nyumba yamalata imene ndinamanga ndi ndalama za thonje langa.

Mmodzi mwa iwo, mtsikana wonyamula kamela, anati, "Bambo, vulani jekete, mukaime pa kakhitchini kaudzu ako. Otithandiza aone mavuto."

Ndinavula, kuopa kuti mwana angataye malo. Anandijambula pamenepo.

Misozi akuti izi tisalembe. Lemba, mwanawe. Chithunzicho chipita ku Lusaka, ndipo anthu osandidziwa akati mdala uyu khasu sanaligwilepo...