Mphasa ya Anaphiri

Loweruka, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse.

Mwana wanga Yohane wandilakwira. Wataya mphasa ya amayi ake kudzala, akuti ndi yong'ambika, ikanatichititsa manyazi lero pogawa zovala za malemuwo. Wobadwira kuchilendo kuno, ku Mbare, adziwa chiyani?

Mphasayo akazi anga Anaphiri anaisenza kuchokera ku Dedza. M'mawa uliwonse ankagwadapo, kutchula ana athu mmodzimmodzi pamaso pa Mulungu, mpaka mawondo awo anaiboola pawiri. Ndi pomwepo pamene anandiphunzitsira kulemba ndi Baibulo lawo, ine wosapondako kusukulu.

Masana kwafika mayi wina wa ku Hatcliffe, imvi mbuu, ine osamukumbuka. Wakana diresi, wakana chitenje. Akuti, "Bambo, ndipatseni mphasa ija basi. Nditangotsika basi yochokera kumudzi malemuwa anandipeza ndikulira, osandidziwa, n'kundigonekapo miyezi itatu." Wina wa ku Lochinvar wati nayenso anagonapo ndi khanda lake. Zaka zonsezi ine ndinkayesa anthu ankagona kukhitchini kwathu aja ndi abale a Anaphiri.

Yohane alawire kudzalako mawa, anthu asanayatse zinyalala, akaitole yekha ndi manja ake.