Buluku Langa pa Waya

Lolemba, 7 Okutobala
Mwini loji yatsopano watitsekera njira ya kudooko ndi waya. Amayi a kuno ku Nkope agwirizana zoyanika zochapa zawo pawayapo tsiku ndi tsiku mpaka atsegule. Osatukwana, osagenda. Wotsogolera ndi mkazi wanga Dinala. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndamuuza kuti matewera sanagwetsepo mpanda. Ine Atumani, amene ndinakokapo khoka la chilimira ndekha, waya ameneyu ndimudula ndi mano.

Lachitatu, 9 Okutobala
Waya yense zitenje ndi matewera, alendo a paloji kumangojambula. Ndapita masana ndi pulayala wobwereka, mlonda, a Simioni, akudya. Galu sindinamuwerengere. Si galu uja, ndi ng'ombe ya mano. Ndalumpha waya, ine kudutsa, buluku kutsala. Ndafika kunyumba nditavala chitenje cha eni, chonyowa.

Lachinayi, 10 Okutobala
Sindinatuluke. Ndati malungo.

Lachisanu, 11 Okutobala
Potuluka mumzikiti aliyense akufunsa ngati mano ali bwino. Zimenezo ndi zazing'ono. Mwini loji wajambula buluku ndi pulayala, akuti ndi umboni woti ndife achiwawa, ndiye a kuboma asabwerenso kudzamva dandaulo la amayi. Njira ikapita, yapita ndi ine.

Dinala sanakalipe. Wangoti, "Bambo a Nadia, ife tapsa ndi dzuwa osatola ngakhale kamwala."

Bola akanandimenya.

Loweruka, 12 Okutobala
Amayi auza mwini loji kuti wa pulayala si wawo, koma amuphunzitsa okha. Phunziro lake: ndachapa matewera a mudzi wonse, mwina ndi a ku Malindi omwe. Kenaka kukhala pansi pawaya, manja pamaondo. A Simioni anditcha Che Kabudula. Lilime linayabwa, Dinala anangondiyang'ana. Ndameza mawu anga.

Lachiwiri, 15 Okutobala
A kuboma abwera ndithu. Atsegula kageti kongokwana munthu ndi beseni, koma loko akadalipo, kiyi ali ndi a Simioni. Amayi akuti kuyanika sikutha, chifukwa geti la loko ndi lobwereka.

Ndati nditengeko buluku langa. Dinala wati lisiyeni, lichoka tsiku lochoka loko. Wandisenzetsa beseni. Ndadutsa pageti cham'mbali, maso pansi, galu akundigwedezera mchira ngati mnzake wakale.