Mpando wa a Tudose

Lolemba, 3 Febuluwale
Kuchipatala m'mawa wonse, pamakina osefa magazi. Ana a kalasi yanga atsalanso ndi mphunzitsi wobwereka. A hedi, mayi Voicu, akuti: "Smaranda, katatu pa sabata? Makolo ayamba kudandaula." Impso zinafa kale. Ntchito ikafanso, ndidzadzukira chiyani?

Lachitatu, 5 Febuluwale
Ndapemphanso kuti andiike madzulo. Mipando yonse ili ndi eni ake. Ilinca, namwino wathu, akuti malo amapezeka wina akalandira impso, kapena... Sanamalize. Ludzu. Chipale chofewa pawindo, ndimafuna kuchinyambita.

Loweruka, 8 Febuluwale
Ndakumana ndi a Tudose pamasitepe. Mkulu wa nyumba yapansi pathu, wokonza mawotchi pamsika. Chaka chachikhumi ali pamakina, iwo amapita madzulo. Awonda, khungu ngati phulusa. "Aphunzitsi, mwabwera kudzandiyeza bokosi? Dikirani kaye, sindinamalize ntchito za eni ake." Ndaseka nawo. Koma n'zoona, ndinayang'ana mapazi awo otupa aja, mtima n'kudumpha poganiza za mpando wawo. Ambuye, ndikusanduka chiyani?

Lachinayi, 13 Febuluwale
Mayi Voicu andipatsa mpaka kutha kwa mwezi. Kamtsikana kena ka m'kalasi mwanga, Ruxandra, kandigwira mkono wa singano: "Mukamwalira tidzamaliza ndi ndani buku lija?" Ndakalirira kuchimbudzi.

Lachiwiri, 25 Febuluwale
A Tudose agogoda, mbale ya kabichi wofutsa mumchere m'manja, chikhalirecho tonse anatiletsa mchere. "Tengani mpando wanga, mwanawe. Uli pafupi ndi chotenthetsera, koma Gelu wapambalipo amaliza mkonono ngati thirakitala." Ndawapsompsona m'manja. Akuti maso atopa, zitsulo za mawotchi sakuzionanso, msika autsanzika. Ndaimbira a hedi.

Lolemba, 3 Malichi
Ndaphunzitsa tsiku lathunthu! Choko m'zala, ana phokoso. Panopa ndili pampando uja, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Gelu wayamba kale.

Ilinca atandibaya ndinamufunsa ngati a Tudose azolowera kudzuka m'mawa. Anayankha maso ali pamakina.

"Simunasinthane, mayi. Asiyiratu kusefetsa magazi. Anabwera Lachisanu kudzatsanzika."

Lachisanu. Lero Lolemba. Popanda makina, munthu sakhala masiku ambiri. M'mawa ndinadutsa pakhomo pawo ndikuthamangira basi, wailesi ikulira m'kati, sindinagogode.

Magazi anga ali m'mapaipi, sangandimasule mpaka atabwerera onse. Foni ya a Tudose ikungoitana.