Bambo anga asiya kumvetsera galimoto yanga

Aphungu,

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndipo ndimagwira ntchito pa kampani ina yogulitsa magalimoto. Nkhani yanga ndi ya bambo anga. Ena akaimva aziti ndi yachibwana, koma ine ikundidya mumtima.

Bambo ndi makaniko. Galaja yawo ili kuseri kwa nyumba, pansi pake padadetsedwa ndi oyilo moti ndi udzu womwe udasiya kumera. Amayi adatisiya ndili wamng'ono, ndiye ndidakulira pakati pa masipanala, ntchito ya kusukulu ndinkalembera pa boneti ya magalimoto a anthu. Bambo si munthu wa mawu. Chibadwire sindidawamvepo akunena kuti amandikonda. Koma kwathu kuli lamulo lakuti galimoto yonyamula mwana wawo situluka pageti iwo asanaimvetsere. Amatsekula boneti, amayeza oyilo n'kupukuta kachitsulo koyezerako pa kansanza kawo, kenako amatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kugunditsa pa injini, chogwirira n'kuika kukhutu. Amatsinzina ngati akupemphera. Akakhutira amamenya boneti ndi chikhatho n'kunena kuti, "Ipite." Amuna anga tsiku limene adabwera kudzaonekera, bambo adayamba kulonjera injini, mwiniwake pambuyo.

Chaka chatha kampani yathu idayamba kubweretsa magalimoto oyendera magetsi. Ine ntchito yanga ndi yokhala m'misonkhano ndi akuluakulu a boma, kukambirana malamulo ochepetsa utsi: kuti magalimoto akale ofuka achepe pamsewu, msonkho wa amagetsi utsike, malo otchajira achuluke. Ntchitoyi ndimaikhulupirira, Aphungu. Tonse tikuona mmene mvula yasokonekera, ndipo mwana wanga amabanika pachifuwa tikaima pa mzere wa magalimoto m'mawa.

Mwezi watha anandipatsa imodzi yamagetsi yoti ndiziyendera. Ndinapita nayo kwa bambo ndikunyadira ngati mwana wovala nsapato zatsopano. Inalowa pageti mwakachetechete moti galu sanatukule khutu n'komwe. Nthawi yotsanzika itakwana, bambo anatenga kansanza ndi sikuludiraiva monga mwa masiku onse. Anatsekula boneti n'kuyamba kufunafuna poyezera oyilo. Ndinati, "Ababa, imeneyi ilibe zimenezo." Iwo anati, "Iyatse timve." Ndinati, "Yayaka kale." Anangogwedeza mutu, n'kulozetsa sikuludiraiva pafupi ndi mawaya akuluakulu a magetsi. Ine ndinawagwira mkono ndikukuwa kuti, "Ababa, musakhudze pamenepo, pali magetsi oopsa!"

Aphungu, palibe munthu adachotsapo dzanja la bambo anga pa galimoto. Analiyang'ana dzanjalo, n'kutseka boneti pang'onopang'ono. Sanaimenye. Anangoti, "Uyende bwino, mwana wanga. Tsabola wakale sawawa."

Chiyambire tsiku limenelo ndikapita amandilandira bwino, amasewera ndi mdzukulu wawo, koma ndikamanyamuka amatsala pakhonde. Azakhali anandiuza kuti kwa makasitomala bambo amanditamabe, koma tsiku lina anawafunsa azakhaliwo kuti, "Kodi lamulo la mwana wathuli likadutsa, ife a sipanala tidzalowera kuti?" Ndinalira nditamva. Ndikatuluka pageti paja ndimamva ngati mwana wamasiye, chonsecho bambo anga alipo. Ndikuganiza zobweza galimotoyi n'kuyambanso kuyendera yanga yakale, kapenanso kupempha kuti andisinthe ntchito. Ndichite bwanji?

Ine mwana wa makaniko,
L. K., mtauni muno

Mwana wa makaniko,

Mkono uja munachita bwino kuugwira. Mukadachita manyazi, mwina bwenzi mukundilembera nkhani ya maliro. Pamenepo musadziimbe mlandu ngakhale pang'ono.

Galimoto musabweze, ntchito musasiye. Bambo anu sadakulereni pa boneti kuti mudzakalambire pa boneti pomwepo, paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Komanso mukatulukira ndi chigalimoto chanu chofuka chija adzadziwa kuti mukuwamvera chisoni, ndipo munthu wa ntchito zamanja amalola chipongwe kusiyana ndi chisoni.

Bambo anu sakulira injini. Munthu aliyense ali ndi njira yake yonenera kuti "ndimakukonda", ndipo yawo inali yomvetsera galimoto yanu. Galimoto yatsopanoyi yawatseka pakamwa, tsono ntchito yanu ndi kuwatsekulanso. Yamagetsi nayonso ili ndi matayala, mabuleki, chiwongolero ndi nyali, ndipo zimatha monga za zinzake. Pitani masana, muwapatse makiyi, inu mukhale mpando wa pambali ngati mmene munkakhalira muli kamtsikana. Muwauze chilungamo kuti za mawaya akuluakulu zili ndi eni ake amene adaziphunzira, koma mabuleki onyamula mdzukulu wawo simufuna kuti wina awaone iwo asanawaone. Galimoto yopanda phokoso sibisa kanthu, kugogoda kulikonse kwa pansi kumamveka, ndiye khutu lawolo lipeza chochita. Kungoti musapeke vuto pofuna kuwasangalatsa. Makaniko amadziwa kasitomala wabodza asanatsike n'komwe m'galimoto.

Ndipo muwauze mawu amene mwandiuza inewa, akuti mumamva ngati wamasiye akatsala pakhonde. Inde, ayang'ana kumbali, mwinanso akalipira galu wosalakwa, koma amva. Tsiku loyamba akapanda kumenya boneti musakhumudwe, bala la mumtima silipola tsiku limodzi.

Tsono funso limene bambo anu anafunsa azakhali lija si la pakhonde pokha ayi, ndi la ku misonkhano kwanuko. Makampani a magalimoto adadya bwino pogulitsa ofuka, lero akufuna kudyanso pogulitsa osafuka, ndipo pokonza malamulo mawu awo amalemera. Sindikuti n'kulakwa, mpweya wabwino tonse tikuufuna. Koma inu muli ndi mpando umene amakaniko alibe. Funsani kumeneko kuti eni magalaja ang'onoang'ono awaphunzitsa ndani. Funsani kuti mabatire otha azikatayidwa kuti, ndiponso kuti magetsi otchajirawo achokera kuti, chifukwa ngati ndi a malasha ndiye kuti utsi mwangousamutsa. Mabwana anu akachita tsinya, akumbutseni kuti munthu sagula galimoto imene palibe woikonza kufupi ndi kwawo. Pemphani kuti kampani ikonze maphunziro, ndipo bambo anu muwaitane. Akakana, n'zawo. Akavomera, musawaperekeze mpaka pakhomo la kalasi ngati mwana woyamba sukulu.

Muwatsimikizirenso kuti magalimoto a petulo ndi dizilo satha mawa. Galaja yawo ikadali ndi zaka zake.

Chenjezo langa ndi ili. Ana a amakaniko ambiri amakumbukira kwawo galimoto ikayamba kuvuta. Zamagetsizi akuti sizivutavuta, ndiye mukadikira kuti iwonongeke kuti mupeze chifukwa chopitira, mudikira nthawi yaitali. Bambo anu ndi a mtundu wakale uja, ndipo zipangizo zawo sizipezeka m'sitolo. Pitani sabata ino.

Aphungu