Mulga Aphunzire Kutsala Yekha

Lachiwiri, 9 Julayi

Narelle wa kubungwe losamalira agalu wabwera naye Mulga masana ano. Galu wa mpikisano wothamanga, wopuma ntchito ngati ine ndemwe. Miyendo yokhayokha, nthiti zochita kuwerengeka. Ndimusunga mpaka apeze mbuye.

Banja lina la ku Adelaide likumufuna, koma onse amakhala kuntchito tsiku lonse. Akapanda kuphunzira kutsala yekha m'nyumba, abwerera kukhola. Narelle akuti, "Ntchito yanu ndi kuchoka, a Col. Tsiku lililonse muzichoka, osatsanzika, osacheuka." Ndangoseka. Ndizipita kuti?

Lachinayi, 11 Julayi

M'mawa tinayenda mpaka kudoko, iye ali m'kajekete kake, mphepo ikucheka makutu. Pachingwe amayenda mwaulemu, kungoti akaona mphaka thupi lonse limauma gwa. Masitepe a pakhonde akuwaopabe, ndimachita kumunyengerera ndi tchizi.

Ndayesa kutuluka ndekha. Ndisanafike n'komwe pageti, kulira kwake! Ndabwerera chothamanga. Ndikudziwa, n'zoletsedwa. Koma m'nyumba muno papita nthawi chindilirireni munthu.

Lamlungu, 14 Julayi

Mwana wanga Bronwyn sanaimbe. Kaya ana amutangwanitsa ku Perth kuja.

Lachiwiri, 16 Julayi

Lero ndalimba mtima. Ndinakakhala m'galimoto pamsewu, wailesi ili chete kuti ndizimumva. Des wa nyumba yoyandikana nafe anabwera kudzagogoda pagalasi. "Amwene, galu wakuthamangitsani m'nyumba mwanu momwe? Mawa akulandani ndi bedi lomwe!" Anaseka mpaka kutsokomola, n'kulowa kwake. Sanandiitane. Inenso sindinapemphe.

Ndapeza pilo ali mbwee pabalaza. Sindinamukalipire.

Lachisanu, 19 Julayi

Chimwalirireni mkazi wanga Maureen ndimangotuluka pokagula buledi ndi mkaka. Tsopano galu akundikakamiza kupeza kopita. Ndinalowa mokamwera tiyi m'tauni, mtsikana wogulitsa n'kundifunsa ngati ndine mlendo kuno ku Port Pirie. Ine amene ndakalambira pachiwongolero cha basi ya sukulu m'misewu yomweyi! Mwinanso mayi ake ndinkawanyamula. Ndinangoti ayi, n'kumwa tiyi wanga pang'onopang'ono kuti nthawi ipite.

Pobwera, Des akuti Mulga analira pang'ono chabe kenaka zii. Galuyo anandilandira pakhomo akuvina, mchira ukumenya firiji. Mtima unachita kuti myaa.

Lolemba, 22 Julayi

Narelle waimba. Anthu a ku Adelaide aja akubwera kudzamutenga Loweruka. "Mundiuze zoona zokhazokha, a Col. Akakalira kumeneko amubweza, ndipo galu wobwezedwa savuta kuiwalika."

Kumutenga ine sizingatheke, mwini nyumba analola masabata ochepa okha. Ndafunsanso dzulo, wakana.

Madzulo tinapita kubwalo lotchingidwa ndi mpanda, ndinamumasula. Anazungulira kawiri ngati mphepo, kenaka n'kudzatsamira mwendo wanga, wefuwefu. Tinakhala choncho mpaka bondo linayamba kundipweteka.

Lachitatu, 24 Julayi

Wakwera masitepe yekha, popanda tchizi. Panalibe womuuza, ndiye ndauza iye mwini.

Lachinayi, 25 Julayi

Ndinatenga makiyi, ndinavala chipewa. Anangotukula mutu, sanadzuke. Ndinatseka chitseko n'kuima panja pomwepo. Zii. Ndinagwedeza makiyi dala. Ndinatsokomola, manyazi ake! Zii basi.

Ndinachoka m'mawa wonse, mpaka kukhala pabenchi ya kudoko kuonerera sitima ikupakira. Pobwera ndinasuzumira pawindo. Ali gone chagada pasofa, miyendo m'mwamba, kukamwa yasa.

Ndamuimbira Narelle pakhonde pomwepa. Ndati wakhoza. Wakuwa ndi chimwemwe, akuti ndine katswiri. Ine ndinangoti foni ikuvuta.

Ndikulemba izi nditakhala pasitepe, kuzizira kukulowa m'mafupa. Mulga sakudziwa n'komwe kuti ndabwera. Ndikuopa kutsegula chitseko, ndingamudzutse.