Sole Yanga Yatha

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikulengeza kwa inu, kwa alamu, ndi kwa mtundu wonse wa anthu kuti kuyambira Lolemba lapitali, ine mlongo wanu ndasiya kunena sole, pepani wa Chingerezi uja. Mbendera zisatsitsidwe, maliro palibe.

Mukudziwa kuti digiri imene munandivutikira ija inandifikitsa pa tebulo la madandaulo ku kampani ya madzi. Ntchito yanga yonse inali liwu limodzi lomwelo. Munthu akati mpopi wake wauma, sole. Akati wauma mwezi wathunthu, vere sole. Ndinafika poidziwa sole monga inu mumadziwira singano za makina anu osokera. Pali sole ya m'khonde, imene munthu amanena akukukankha ndi chigongono, kutanthauza kuti choka. Pali ya mlembi wa abwana pafoni, yokweza mawu kumapeto: wamva bwinobwino, akungokupatsa mpata woti uchite manyazi. Ya pamaliro a wantchito mnzathu abwana amainena akuyang'ana wotchi. Ndiye pali sole ya anthu aang'ono, imene amainena iwo ali opondedwawo.

Yomalizayi ndiyo yandidya. Lachisanu abwana athu, amene timawatcha a Chitayi poti tayi yawo imalonjera mawondo, ankabweza galimoto m'mbuyo foni ili kukhutu, ndipo anaponda phazi la mlonda wapageti, munthu wa imvi, msinkhu wa malemu bambo athu. Mlondayo anadumpha ndi mwendo umodzi, chipewa chili m'manja.

"Sole, bwana! Sole!"

"Uziona poima," anatero a Chitayi, galasi n'kutseka.

Kuntchito kwathu kuli mwambo. Lolemba lililonse m'mawa timaima mozungulira tebulo lalikulu, amene analakwa sabata yathayo amapita kutsogolo kukanena sole pamaso pa onse, ife n'kuwomba m'manja. Akuti zimamanga umodzi. Lolemba limeneli anaitana mlonda uja, phazi lili m'bandeji, nsapato imodzi ili kukhwapa, kuti apepese chifukwa choima malo olakwika.

Ine pakamwa panandiyabwa. "Bwana, kodi tayala nalo libwera kudzapepesa, kapena lili pa tchuthi?"

Wina anaseka n'kunamizira kutsokomola.

"Iwe wa digiri," anatero a Chitayi, "bwera kutsogolo kuno. Nena sole."

"Yatha, bwana. Ndinagawira makasitomala yonse."

Mlembi anandikoka malaya. "Achimwene, ingonenani. Ndi Chingerezi chabe, sichipweteka."

Ananena zoona, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Sole imatuluka ngati malovu. Ndakhala ndikuinena kwa amayi obereka ana kumbuyo, zidebe zouma zili m'manja, mtima wanga uli zii. Koma tsiku limenelo, maso ali pa bandeji ija, inakana kutuluka. A Chitayi anandipatsa mpaka nthawi yoweruka kuti ndiganize bwino. Ndinaganiza bwino, ndinatenga kapu yanga ndi chithunzi cha ana, n'kutuluka. Mlembi polandira makiyi anati sole, motsitsa. Imeneyo mtundu wake sindinaudziwe.

Musandilembere zoti ndibwerere ndikagwade. Mlamu wanu wayesa kale, ndipo masiku ano amandilankhula kudzera mwa ana. Atati Lolembalo libwererenso ndinganene zomwezo, mwina mokwezako pang'ono kuti a kumbuyo amve.

Pageti mlonda uja ananditsegulira akutsimphina. Ine ndinatambasula dzanja, kuyesa andigwira chanza ngati ngwazi. Anayang'ana kumbali.

"Bwana wamng'ono, ine ndinali nditapepesa kale, nkhani inali itatha. Tsopano akuti ndizigwira usiku."

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi, poti muli nawo kumeneko, musawauze kaye. Khadi la kuchipatala limene amatengera mankhwala a shuga lija linali la kuntchito kwanga, ndipo alitseka mwezi uno ukatha. Ndayamba kale kugogoda m'maofesi, nsapato zikadali zolimba. Koma ndikudziwa amene akhale pa makina osokera mpaka maso kuwawa, monga munachitira nthawi ya digiri ija.

Pepani, achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Wa digiri uja